Loweruka: ndaswera ku Mua, pafupi ndi sompho

Ndangofika kumene, msana ukuwawa koma ndati ndilembe kaye ndisanagone, mawa zina zikhala zitathawa. Mwezi wathunthu tsopano ndakatulo yokumbukira malemu agogo anga aakazi ikungondikanika, ndimalemba mizere iwiri nkufufuta, ndiye dzulo mlongo wanga amvekere achimwene tiyeni mukapitidweko mphepo ku Mua. Tinalawira m'mamawa, minibasi mpaka Dedza, kutsetsereka Khwekhwelere mtima uli m'mwamba, kenako pa Golomoti nkukwera kabaza.

Ku KuNgoni, malo a chikhalidwe ndi luso a ku Mua komweko, ndinapitako kale tili kusekondale koma nthawi imeneyo tinkangothamangathamanga. Malowa anayambitsa ndi bambo Claude Boucher mu 1976, wansembe wa ku Canada uja anthu anamupatsa mfunda woti Achisale, pa mishoni yomwe ilipo kuyambira 1902. Mlongo wanga analowa kogulitsa ziboliboli, ine ndinakakamira panja pomwe mdala wina amasema.

Anali ndi chipika cha mlombwa chokhota, chamfundo yaikulu pambali, choti ine ndikanangoti nkhuni basi. Nditawafunsa kuti bambo mukusema chani anaseka kaye, nkundiuza kuti chipikacho chakhala pamthunzi miyezi ingapo akungochiyang'ana akamadutsa, mpaka tsiku lina anaona kuti kukhotako ndi msana wa mayi wowerama, mfundo ija ndi mutu wa mwana kumbuyo. Sanajambule papepala ayi, anangolemba ndi khala pamtengo pomwepo. Ayamba ndi sompho, go go go, zibanthu zikuuluka, kenako tchizulo, sandipepa ndi polishi zimabwera kumapeto. Chomwe chandikhudza nchoti pena amaima nthawi yaitali osagogoda, akungosisita mtengo ndi chala chachikulu kuti amve komwe mitsempha yake yalowera, akuti ukalimbana nayo umang'aluka ndipo sungaubwezerenso. Ndakhala pamenepo maola awiri osadziwa, foni ili m'thumba.

Masana tinalowa mu Chamare Museum. Za kudambwe zili ndi eni ake ndiye sindilowa mkati mwake, koma ukaima pakati pa zilombo mazanamazana zija umaona kuti makolo athu anali ndi maso akuthwa zedi. Kasiyamaliro wa makoko a chimanga ndi udzu, zinthu za kumunda komweko. Simoni nkhope yofiira psuu ngati mzungu wopsa ndi dzuwa. Maliya naye alipo. Anthu anaona alendo atafika ndi chipembedzo chawo, sanalembe buku, anawaika m'bwalo nkuwavina. Ndipo zinthuzi sizinapangidwe kuti zikhale duu pakhoma, zimafuna fumbi, mbalule ikulira, amayi akuwomba m'manja, nchifukwa chake mkatimo ndimamva ngati zangogona tulo. UNESCO inazindikira gule wamkulu mu 2005 koma kumudzi anthu sanadikire zimenezo.

Pobwerera titakwera chitunda mapiri a Dedza akuonekera, mlongo wanga anakumbutsa za zojambula za m'mapanga a Chongoni, malo 127, zofiira zija za Akafula ndi zoyera zomwe amayi ankajambula pophunzitsa anamwali. Kenako anangoti, komatu agogo nawonso anali aluso, mwaiwala? Eee, zinandilasa. Ndakatulo yonse ndakhala ndikulemba za misozi, za manda, za nyimbo za pamaliro, mawu omwe aliyense angalembere agogo ake, pomwe agogo athu anali oumba mbiya! Ankapita okha kudambo kukakumba dongo ndipo sankalola wina awasankhire, amalitsina nkulinunkhiza kaye. Kulisinja, kuchotsa timiyala, kulivundikira masiku angapo. Akayamba kuumba samayankhula, amazungulira mbiyayo chowerama, chisononkho kunja dzanja mkati, pomaliza nkukulungiza ndi mwala wosalala wa kumtsinje womwe ife ana samatilola kuugwira. Ziume pamthunzi osati padzuwa. Tsiku lowotcha ndiye linali lamantha, ina imaphulika pamoto iwo nkungoti dothi lakana, mawa ali kudambo kachiwiri. Msana wokhota wa pa mlombwa uja unali wawo ndithu, nchifukwa chake ndinalephera kuchokapo.

Ndalemba mizere isanu ndi umodzi mu minibasi momwemo, kuseri kwa lisiti, galimoto ikugwedeza moti zilembo zina sizikuwerengeka bwino. Mulibe mawu oti imfa ngakhale amodzi, muli mwala wa kumtsinje ndi zala zoyera ndi dongo louma. Mawa ndikaweruka kutchalitchi ndiimbira amayi ndiwafunse ngati mtsuko wamadzi uja unkakhala kuseri kwa chitseko ukadalipo, ndi kuti mwalawo anatenga ndani.