Nkhono zogula ndi ndalama

Amayi atamva kuti ndagula nkhono zoika m'thanki yanga yosungiramo nsomba anaseka pa foni mpaka kutsokomola. Kwathu ku Mangochi tinakula tikuchenjezedwa kuti nkhono za m'madzi ndi zimene zimafalitsa likodzo, ndiye lero mwana wawo ali ku Johannesburg akuzitayira ndalama. Ndinawafotokozera kuti za likodzo zimakhala m'madzi opanda mchere ndipo zanga ndi za m'nyanja yamchere, koma sizinawalowe.

Ndinasungapo mbuna zaka zingapo, ndipo mbuna zimadzipalira zokha ndere pamiyala. Thanki yamchere imafuna aganyu ake, nkhono ndi nkhanu zodya ndere ndi zotsalira za chakudya. Yanga ndi ya malita 120. Ndinasungunula mchere wa m'thanki m'madzi osefedwa ndi makina otchedwa RO mpaka choyezera kuchuluka kwa mchere chinawerenga 1.025, hita ndinaiika pa madigiri 25, ndinayala mchenga ndi miyala, kenako kudikira. Panapita milungu isanu kuti mabakiteriya achuluke mokwanira kusandutsa ammonia, poizoni wochokera ku zinthu zoola, kukhala nitrite, nayenso poizoni, nitrite kukhala nitrate wosaopsa kwambiri. Ziwiri zoyambazo zisanafike pa ziro musaikemo chamoyo, chifukwa nkhono sizipirira ngati nsomba.

Chizindikiro choti nthawi yakwana chinali fumbi lofiirira pamchenga ndi pagalasi. Ndi tizomera totchedwa diatoms, timene timakula ndi silicate wa mumchenga watsopano. Ndinachita nalo manyazi fumbilo, ndipo manyaziwo ndi amene anandilakwitsa. Kusitolo wogulitsa anati, "Bwana, nkhono imodzi pa malita asanu ndi atatu alionse." Ndinatuluka ndi nkhono za Astraea 15 ndi tinkhanu 8 tamiyendo yabuluu, tija timakhala m'zigoba za nkhono.

Sabata ziwiri thanki inali mbee, ine n'kumajambula zithunzi. Sabata yachitatu njala inalowa. Astraea ikagwa chagada pamchenga siitha kudzitembenuza, ndipo tinkhanu tikaipeza ili choncho timaidya n'kulanda nyumba. M'mawa uliwonse ndinkapeza chigoba china chikuyenda ndi miyendo yabuluu. Nkhono imene yakhala malo amodzi masiku awiri muziitulutsa n'kuinunkhiza. Ikakhala yakufa simufunsa munthu, fungo lake limakuthamangitsani m'chipinda. Zitatu zinaolera kuseri kwa miyala, ammonia anabwerera, ndipo ndinasintha malita 25 kawiri m'sabata imodzi.

Tinkhanu tisanu ndinapatsa mnzanga, n'kuyambiranso pang'onopang'ono. Ndinagula nkhono za mitundu ina: Trochus zisanu, chifukwa izi zikagwa zimadzuka zokha ndipo zimapala galasi ndi miyala yomwe. Cerith zitatu zimalowa m'ming'alu momwe zinazo sizikwana. Nassarius zinayi ndinaonjezera nsomba zoyamba zitalowa, popeza izi sizidya ndere, zimadya zanyama zotsala. Ndinamwazanso zigoba khumi zopanda kanthu, zosiyana kukula, kuti nkhanu ikakula isamuke popanda kupha mwini nyumba.

Polowetsa nkhono zatsopano musathire thumba lonse m'thanki. Madzi a kusitolo nthawi zambiri amasiyana mchere ndi anu, ndipo kusintha kwadzidzidzi kumapha nkhono mwakachetechete, mwina patapita masiku. Ine ndimaziika m'ndowa yaing'ono ndi madzi awo, n'kukoka madzi a m'thanki ndi kapaipi ka mpweya komanga mfundo kuti azidontha madontho awiri kapena atatu pa sekondi. Pakatha ola ndimazitola ndi dzanja n'kuziika pamwala choongoka, madzi a m'ndowa n'kutaya. Mankhwala a nsomba okhala ndi kopa asayandikire thankiyo, amapha nkhono ndi nkhanu zonse.

Chimene wogulitsa uja sanandiuze n'chakuti aganyu akamaliza ntchito amafunika kuwadyetsa. Galasi likakhala loyera masiku atatu ndimadziwa kuti nkhokwe yatha. Ndimadula kachidutswa ka nori, ndere youma ija amakulungira sushi, yopanda mchere kapena zokometsera, n'kuimanga pakamwala ndi labala. Ndimaika madzulo magetsi a thanki atazima, chifukwa nkhono zimayenda kwambiri usiku, ndipo chotsala ndimachotsa m'mawa chisanayambe kuola. Galasi lakumbuyo ndinasiya kulipala dala, ndi munda wawo. Nkhanu ndimaziponyera timibulu tiwiri kapena titatu ta chakudya chomira kawiri pa sabata, ndipo chiyambire kukhuta sizinaphenso nkhono.

Tsiku lina ndinapeza nkhanu itagona pamchenga yopanda chigoba, yoyera ngati pepala, mtima unangoti phwii. Ndikuitola ndinaona mwini wake akuyenda pamwala. Anali atangofundula ngati njoka.

Zimene ndimakonda kudyetsa ndi Nassarius. Tsiku lonse zimakhala zitadzikwirira, kachiwalo kake konunkhizira konga kapaipi kokha n'kumasuzumira pamwamba pa mchenga. Ukangoponya kachidutswa ka mysis, tizamoyo ting'onoting'ono ta m'madzi todyetsera nsomba, mchenga umayamba kutukumuka uku ndi uku, zonse zinayi n'kuvumbuluka kuthamangira kumene kwachokera fungo. Lamlungu lapitali ndinawaonetsa amayi pa vidiyo ya WhatsApp. Anayang'anitsitsa kwa kanthawi osayankhula, kenako anafunsa: "Nanga zikanenepa, mudzadya?"