Lipoti la ulendo wa aphunzitsi a sayansi a ku Chipata wokacheza ku Katete

Pa tchuthi chapitachi, gulu lathu la aphunzitsi a sayansi a m'masukulu a sekondale ku Chipata linapita ku Katete kukaphunzira limodzi ndi anzathu a kumeneko, ndipo anatilandira bwino. Amene anatsogolera zokambirana ndi amayi ena ophunzitsa physics ochokera ku Lusaka, pa mutu wa kuphulika kwa gamma-ray, kumene ndi kuphulika kwakukulu kochitikira kutali m'mlengalenga kotulutsa kuwala kwamphamvu kwambiri kosaoneka ndi maso.

Amayiwo anafotokoza kuti kuphulikaku kunaoneka koyamba mu 1967 kudzera m'masetilaiti a Vela, omwe dziko la America linawatumiza kumwamba kuti azilondera mayiko oyesa mabomba a nyukiliya. Kuphulika kopitirira masekondi 2 nthawi zambiri kumachitika nyenyezi yaikulu ikafa, pomwe kwachidule kumabwera nyenyezi ziwiri za neutron (zotsalira zazing'ono koma zolemera kwambiri za nyenyezi zakufa) zikawombana, monga zinachitikira pa 17 Ogasiti 2017.

Pamene tinakhalitsa ndi pa nkhani ya maginito. Akatswiri ambiri amakhulupirira kuti mphamvu ya maginito yozinga black hole (chinthu chokoka mwamphamvu kwambiri chimene chimapangika pakati pa kuphulikako) imatapa mphamvu pa kuzungulira kwake, ndipo imapanikiza mpweya wotentha kuti utuluke mopyapyala pa liwiro lotsala pang'ono kufanana ndi la kuwala. Mpweyawo ukagunda mpweya wina umene uli panjira, ma electron (tizidutswa tating'onoting'ono ta m'maatomu) amazungulirazungulira m'mizere ya maginito n'kumatulutsa kuwala kotsalira, kumene kumazirala pang'onopang'ono kwa masiku kapena miyezi. Setilaiti ya BeppoSAX ndiyo inayamba kuona kuwala kotereku pa 28 Febuluwale 1997.

Mnzathu wina wa ku Katete anafunsa funso limene ine ndinaliona kukhala lofunika koposa. "Amayi, maginito saoneka, nanga munthu angatsimikize bwanji kuti alipo kutali konseko?" Iwo anayankha kuti umboni uli m'kuwalako, chifukwa mizere ya maginito ikakhala yolongosoka, kuwala kumagwedezekera mbali imodzi. Mu 2012, Liverpool Telescope ya pa chilumba cha La Palma inapeza kuti pafupifupi 28 peresenti ya kuwala kwa kuphulika kotchedwa GRB 120308A inali yotero patangopita mphindi zinayi chiphulikire, zomwe zikusonyeza kuti mizereyo inachokera ku gwero la kuphulika ili yolongosoka kale.

Tinamvanso kuti matelesikopu a H.E.S.S. a kwa anansi athu ku Namibia anaona kuwala kotsalira kwa GRB 190829A mu 2019. Tisanabwerere, tinagwirizana kuti anzathuwo adzabwere ku Chipata teremu ikubwerayi, ndipo sukulu iliyonse idzakonze phunziro loyambira pa maginito ndi tizidutswa tachitsulo n'kukafika ku nkhani imeneyi.