Phono preamp yotchipa ndaipeza, koma onani kabawuti ka ground musanalipire

Nkhani ya phono preamp, kabokosi kokweza mawu ochoka ku turntable asanafike ku amplifaya, ndathana nayo tsopano ndipo zimbale zikuimba bwinobwino, koma mtima udakawawabe ndikakumbukira kabokosi koyamba kamene ndinagula ndi amene anandigulitsa, ndiye ndati ndilembe mmene zinayendera mwina wina amene wangogula kumene turntable apulumukirepo.

Vuto langa linali lakuti amplifaya yanga kumbuyo ili ndi polowetsa pa CD ndi AUX basi, palibe polembedwa PHONO. Ukalumikiza turntable pa AUX mawu amatuluka inde, koma aang'ono kwambiri, opyapyala, opanda bezi ngakhale pang'ono, ungakweze voliyumu mpaka kumapeto. Si kuti chawonongeka ayi. Cartridge, kamutu kaja kamene kamagwira singano, kamatulutsa magetsi ochepa zedi, za mtundu wa MM (moving magnet, mtundu wofala kwambiri) zambiri zimakhala pakati pa 3 ndi 5 mV, pomwe polowetsa ngati AUX pamayembekezera cha m'ma 300 mV. Ndiye pamafunika china chokweza mphamvuyo ndi 40 dB kapena pafupi pamenepo. Komanso pali chachiwiri chimene ambiri sachidziwa. Akamadinda chimbale amachepetsa dala bezi kuti timizere tija tisatambasuke kwambiri n'kudya malo, kenako amakweza mawu apamwamba kuti apose kaphokoso ka chimbalecho. Ndondomeko imeneyi ndi ya RIAA, bungwe la makampani a zimbale ku America, inakhazikitsidwa mu 1954, ndipo kumunsi kwenikweni cha pa 20 Hz bezi amaitsitsa ndi pafupifupi 20 dB. Phono preamp ntchito yake ndi kubwezeretsa zonsezo m'malo mwake. N'chifukwa chake preamp ya maikolofoni kapena mikisa wamba singathandize, ikweza mawu koma bezi sibwera.

Musanagule kalikonse tembenuzani turntable yanu muone kumbuyo. Zina monga Audio-Technica AT-LP60X ndi AT-LP120X zili nayo kale preamp mkati, pali kaswitchi kolembedwa PHONO ndi LINE, mukakankhira pa LINE basi mwamaliza, ndalama sungani. Amplifaya zakale zambiri nazonso zili ndi PHONO yawoyawo. Ndipo mukagulabe ina yapadera kaswitchi kaja kabwerere pa PHONO, apo ayi mawu adutsa kawiri mu preamp ndipo zituluka zophwanyika, bezi yokhayokha yosokosa. Turntable yanga ilibe preamp mkati ndiye panalibe kuchitira mwina.

Kenako dziwani cartridge yanu. Yanga ndi AT-VM95E, ndi MM, imatulutsa 4 mV. Ortofon 2M Red nayonso ndi MM, 5.5 mV. Turntable zambiri za pakhomo zimabwera ndi MM ndipo preamp iliyonse ya MM imakhala pa 47k ohms, pamenepo palibe chokuvutitsani. Za mtundu wina uja wa MC (moving coil) ndiye nkhani ina, zambiri zimatulutsa mwina 0.2 mpaka 0.5 mV, zimafuna cha m'ma 60 dB, ndipo ndi zodula. Ngati mulibe MC ndipo simukuganiza zogula posachedwa musalipirire chinthu chimene simudzachigwiritsa ntchito, bola preamp ya MM yokha yopangidwa mwaluso kusiyana ndi yolonjeza zonse pamtengo wotsika.

Tsopano pamene panandipsetsa mtima. Ndinaitanitsa pa intaneti kabokosi kena, sinditchula dzina lake kapena wogulitsayo, kali ndi ma tube awiri pamwamba oyaka bwino, ndipo pa malongosoledwe ake analemba momveka kuti kali ndi polumikiza ground. Zithunzi zonse zinali zakutsogolo ndi zam'mbali. Katafika ndikutembenuza kumbuyo, ma RCA anayi olowetsapo mawaya a mawu ndi pabowo la adaputa, basi. Kabawuti ka ground palibe. Turntable yanga ili ndi kawaya kowonda ka ground, koletsa phokoso la magetsi, kokhala ndi kafoloko kumapeto, ndiye ndinali nditakagwira m'manja kusowa pokamanga. Ndinalumikizabe kuti ndimve, abale anga phokoso lake! Kung'ung'udza kosalekeza ngati njuchi zalowa mu sipika, singano isanakhudze n'komwe chimbale, ndipo ukakweza voliyumu nakonso kumakwera. Kulira kumeneku ndi kwa magetsi a m'nyumba, 50 kapena 60 Hz malinga ndi dziko, mawaya ndi mkono wa turntable zimakutola ndiye preamp imakukweza limodzi ndi nyimbo, pajatu ntchito yake ndi kukweza bezi kwambiri.

Tsiku lonse lopuma linathera pamenepo. Ndinagunditsa kawaya kaja pa thupi la kabokosiko, palibe chinasintha chifukwa ndi lopakidwa penti yokhuthala. Ndinamasula kabawuti kamodzi kapansi n'kupanikizapo waya, kunachepako pang'ono koma osatha. Ndinakamanga pa thupi la amplifaya, chimodzimodzi. Ndinasintha mawaya a RCA, ndinachotsa tchaja ya foni pa soketi, ndinasuntha kabokosiko kutali ndi amplifaya, ndinazimitsa ngakhale rauta ya Wi-Fi. Pansi pa kung'ung'udzako panalinso kena kolira mopyapyala kochokera ku adaputa yake, ukaizula kamatha nthawi yomweyo. Ndiye chinthu chatsopano chotuluka m'katoni chili ndi matenda awiri.

Nditamulembera wogulitsa uja yankho lake linali lakuti preamp zamakono sizifuna ground. Zoona zimenezo? Nanga analemberanji kuti ilipo? Kenako akuti ndijambule vidiyo ya phokosolo, ndinajambula, akuti sakumva bwino ndijambulenso pafupi ndi sipika. Atavomera kuti ndibweze akuti ndalama yotumizira ndilipire ndekha, pa katundu amene iyeyo ananama pomulongosola. Imeneyi ndiye inandiwawa kuposa zonse, osati kukula kwa ndalamayo koma kulipitsidwa chifukwa cha bodza la munthu wina. Ndiye ndikunenetsa, musanapereke ndalama funsani chithunzi cha kumbuyo, muone ndi maso anu kabawuti kolembedwa GND. Akamazemba kutumiza chithunzi asiyeni.

Ndaiwala kunena, si turntable zonse zili ndi kawaya kameneka. Za Rega mwachitsanzo ground yake imadutsa mu waya wa RCA momwemo, ndiye ngati yanu ndi yotero musadabwe kuti kawaya sikakuoneka. Koma ngati kalipo kakufunika pokamanga, basi.

Ulendo wachiwiri ndinangoyang'ana mayina odziwika amene anthu akhala akuwagwiritsa ntchito kwa zaka. Pro-Ject Phono Box MM ndi yosavuta, ulumikize uiwale. Rega Fono Mini A2D ndi ya MM ndipo ili ndi USB, yabwino kwa amene akufuna kusamutsira zimbale zake pa kompyuta. Schiit Mani ndi iFi Zen Phono zimatha MM ndi MC zonse ziwiri, koma ine MC ndilibe. Ndinatenga ART DJ Pre II. Maonekedwe ake si okopa ayi, koma ili ndi zimene ndimafuna: kabawuti ka ground, kogudubuza kosinthira mphamvu, kanyali kochenjeza mawu akayamba kuphwanyika, ndi maswitchi awiri amene ndawakonda kwambiri.

Switchi yoyamba ndi ya capacitance, kutanthauza kuchuluka kwa magetsi amene mawaya ndi chipangizo zimatha kusunga, 100 kapena 200 pF. Izi zimamveka ngati za akatswiri koma ndi zosavuta. Cartridge ya MM imasintha kamvekedwe ka mawu apamwamba malinga ndi capacitance imene ikukumana nayo, ikachuluka mawu amalasa m'makutu, ma s a woimba amakhala ngati akukucheka. A Audio-Technica amalangiza 100 mpaka 200 pF pa cartridge ngati yangayi, ndipo chiwerengero chimenecho ndi cha zonse pamodzi, mawaya a mu mkono, waya wa RCA ndi preamp yomwe. Mawaya okha amadya kale gawo lalikulu ndiye ndinaika pa 100. Pa chifukwa chomwechi waya wochoka ku turntable kupita ku preamp ukhale waufupi, ngati pakufunika wautali ukhale wochoka ku preamp kupita ku amplifaya, kumeneko mawu akhala atakula kale satola phokoso msanga. Switchi yachiwiri ndi yodula mawu apansipansi amene khutu silimva. Ndili ndi zimbale zingapo zopindika pang'ono, ndikaziika ndimaona nkhope ya sipika ikutuluka ndi kulowa kwambiri popanda mawu ogwirizana nazo, mphamvu ya amplifaya ikungopita pachabe. Kudina switchiyo sipika inakhazikika pompo.

Za ma tube zija, sindikunyoza preamp za ma tube zenizeni, zilipo zabwino ndithu. Koma pa ndalama zochepa ndikuona kuti ndi bwino ndalamayo ipite pa kukhala chete kwa chipangizocho ndi RIAA yolondola, osati pa kuwala. Komanso adaputa muisamale, muone kuti ikugwirizana ndi magetsi a kwanu, ndipo musasinthanitse ndi ina iliyonse yopezeka m'dirowa chifukwa preamp zina zimafuna AC zina DC ngakhale pulagi yake ikufanana.

Nditamanga kawaya kaja pa kabawuti ka GND n'kukalimbitsa ndi zala, kung'ung'udza konse kunatheratu. ART ija ndinaiika kumbali, osati pamwamba pa amplifaya, chifukwa thiransifoma ya mkatimo nayonso imabweretsa phokoso lomwelo. Inunso yanu ikangofika yesani izi nthawi yobweza katundu isanathe: lumikizani zonse, ground yomwe, singano ikhale m'mwamba, kwezani voliyumu kufika pamene mumamvera nyimbo masiku onse mupitirireko pang'ono, ndiye mukhale pampando wanu mumvetsere. Kaphokoso kakang'ono ka fsss ukayandikira sipika n'kabwinobwino, preamp iliyonse ili nako. Koma mukamva kung'ung'udza muli pampando pomwe waya wa ground ndi womanga bwino ndipo bokosilo lili kutali ndi amplifaya, ibwezeni, ndipo chithunzi cha malongosoledwe a wogulitsa chikhale chosungidwa kale pa foni chifukwa adzayamba kukana zimene analemba.