Kusewera ngati mlendo pa kalabu ya gofu ya mamembala ku Japan

Ndasewera tsopano, koma Loweruka limene ndinataya likundiwawabe. Bwaloli lili m'mapiri a nkhalango ku Tochigi ndipo ndi la mamembala. Mlendo amalowa m'njira ziwiri. Pali shokai, pamene membala amangokuikira kumbuyo ndi kukusungitsira malo, ndiye pali dohan, pamene membalayo ayenera kubwera kudzasewera nawe. Makalabu ambiri otere amalola shokai mkati mwa sabata, koma Loweruka ndi Lamlungu amafuna dohan. Ofesi inalemba dzina langa pafoni osatchulako zimenezi. Sitima ya m'mamawa, basi ya kalabu pa siteshoni, kukafika pakauntala n'kundiuza uku akuwerama kuti popanda membala sindiyamba. Basi yobwerera inali ya masana. Funsani pafoni pomwepo kuti tsikulo ndi la shokai kapena dohan.

Chikwama cha ndodo musalimbane nacho m'sitima. Tumizani pa takkyubin, ntchito ya makampani otumiza katundu, kutatsala masiku awiri, chitavalidwa chovundikira chake, ndipo lipirani zopita ndi zobwera kuti madzulo mungochisiya pakalabupo.

Pofika valani jekete, ngakhale mukavule pakangopita mphindi zisanu. Makalabu ambiri amakhululuka m'miyezi yotentha yokha. Mudzalemba dzina ndi kusainira kuti si inu wa magulu a zigawenga, kenaka adzakupatsani kabuku kokhala ndi nambala ya kabati yanu yosungiramo zovala. Chakudya, zakumwa, mipira, zonse zimalembedwa pa nambalayo, kulipira n'kumapeto. Pabilu padzakhala msonkho wa bwalo la gofu, umene kawirikawiri ndi pafupifupi 800 yen ndipo supitirira 1,200 yen. Osakwana zaka 18 ndi a zaka 70 kupita m'mwamba salipira msonkhowu, koma aonetse chiphaso.

Bwalo la m'phiri ndi lopapatiza, zikhomo zoyera za OB, zosonyeza malire a bwalo, zili mbali zonse. Mpira woyamba ukalowa m'nkhalango musabwereze. Pamaenje ambiri pali malo apatsogolo pamene mumakamenyera ngati kachinayi, ndipo gulu la kumbuyo likuyembekeza kuti mutero. Musatsikire kutsetsereko kukausaka, kuli njoka za mamushi. Mitunda imalembedwa m'mayadi. Mukatha maenje 9 mumaima mphindi 40 kufika ola kuti mudye, mufune musafune, ndipo nthawi yoyambiranso amakupatsiranitu.

Ndaiwala: mukakhala awiri okha ambiri amawonjezera mtengo, ndipo Loweruka akhoza kukuphatikizani ndi ena. Chifukwa chinanso chofunsira za tsikulo, shokai kapena dohan, musanagule tikiti ya sitima.

Pomaliza caddie, wokusamalirani ndodo pabwalo, amawerenga ndodo zanu, inu n'kusainira kuti zakwana. Ya fanta sapatsidwa. Kubafa losambiramo gulu kawirikawiri salola munthu wa tatuu, choncho amene ali nayo afunsiretu ngati kumatapo pulasitala kukukwanira.