Sabata yomaliza ya mafomu a chilala

Lolemba pa 23 Januwale 2023 ndinafika ku ofesi n'kupeza magalimoto a alimi a ng'ombe atandandalika kale panja. Ndimagwira ntchito ku ofesi ya Farm Service Agency, nthambi ya unduna wa zaulimi ku America, m'dera lina lakumudzi kumadzulo kwa chigawo cha Oklahoma. Tsiku lotseka mafomu a thandizo la chilala cha 2022 linali pa 30 Januwale, ndiye aliyense amene ankazengereza anatulukira sabata imeneyi.

Thandizoli amalitcha Livestock Forage Disaster Program, ndipo limapita kwa mlimi amene msipu wake wapserera ndi dzuwa. Kukula kwake kumadalira mapu a U.S. Drought Monitor omwe amatuluka Lachinayi lililonse, osonyeza mlingo wa chilala m'dera lililonse, ndipo mlingo woopsa kwambiri ndi D4. Pa malamulo a chaka chimenecho, dera likakhala pa mlingo wa D2 kwa masabata 8 otsatizana, mlimi ankalandira ndalama ya mwezi umodzi. Likangofika pa D3, miyezi itatu. Likakhala pa D4 kwa masabata anayi, miyezi isanu. Boma limapereka 60 peresenti ya mtengo wa chakudya cha ziweto, ndipo munthu mmodzi sankapitirira madola 125,000 pachaka. Ndalamayi siibweza zonse, imangothandiza kugula mitolo ya udzu wouma kuti ng'ombe zazikazi zifike nyengo ya mvula.

Lachiwiri ndi Lachitatu linali la kuwerenga ng'ombe papepala: zazikulu zingati, ana angati, msipu maekala angati. Lamya sinapume.

Amene sandichoka m'maganizo ndi bambo wina wachikulire amene anabwera Lachinayi masana, chipewa chili m'manja, nsapato zili fumbi lokhalokha. Anatulutsa malisiti a kumsika wa ng'ombe m'kabokosi ka nsapato, ena atathimbirira ndi khofi. Anali atagulitsa ng'ombe zambiri mu Ogasiti madamu ataphwa, ndipo ankaganiza kuti zogulitsidwazo sizikuwerengedwanso. Ndinawauza kuti, "Bambo, musadandaule. Ngati zinali zanu m'masiku 60 chilala chisanayambe, ndipo munagulitsa chifukwa cha chilalacho, tiziwerenga." Anakhala chete kanthawi, kenako anapukuta m'maso ndi chala chachikulu.

Vuto linali pa malo. Gawo lalikulu la msipu wawo ndi lobwereka kwa mayi wina wamasiye amene anasamukira kutauni, ndipo kwa zaka zonsezi pangano lawo linali lapakamwa, kugwirana chanza basi. Ife timafuna umboni wolembedwa woti malowo ali m'manja mwa wopempha. Lamulo limeneli ndimaligwirizana nalo, chifukwa popanda ilo anthu awiri akhoza kulandira ndalama pa msipu umodzi. Koma zimandipweteka kuti amene limawapinga kwambiri ndi anthu okhulupirika ngati awa, amene mawu awo okha akhala okwanira popanda siginecha.

Ndinawasindikizira fomu yoti mayiwo asaine, n'kulemba mtanda ndi pensulo pamene pafunika dzina. Lachisanu m'mawa bamboyo anayendetsa galimoto maola awiri kupita, awiri kubwera. Anafika tikukonzekera kutseka, fomu ili m'thumba la malaya, itapindidwa panayi. Ndinaiwongola ndi dzanja patebulo, ndinadinda tsiku, n'kulowetsa zonse mu kompyuta iwo ataima pomwepo, chifukwa anakana kukhala pansi mpaka ataona kuti zatheka.