Mbendera ya mtanda wofiira ku Stratford

Mvula inandipeza pa Henley Street ku Stratford-upon-Avon, tauni ya ku England, pafupi ndi nyumba imene wolemba masewero William Shakespeare anabadwiramo mu 1564, ndipo ndinathawira m'kanyumba kogulitsiramo tiyi. Linali tsiku la 23 April, limene Angelezi amakumbukira St George, woyera mtima wa dziko lawo, lomwenso ndi tsiku limene Shakespeare anamwalira mu 1616. Sitima yochokera ku London imatenga maola awiri ndi kanthu, koma gulani tikiti pasadakhale, chifukwa ya tsiku lomwelo ndi yoboola m'thumba.

Malo onse anali odzaza, koma agogo ena aakazi anachotsa chikwama chawo pampando nandikodola. Pachovala chawo panali kambendera koyera ka mtanda wofiira. Nditawafunsa ngati imeneyo ndi mbendera ya Britain, anapukusa mutu. "Ayi, bambo, iyi ndi ya England yokha," anatero. Anadandaula kuti masiku ano imaonekera kwambiri pa mpira, ndi kuti anzawo ena amachita nayo manyazi poopa kuganiziridwa kuti amadana ndi alendo. Ngakhale tsiku la St George si holide, anthu amapita kuntchito monga mwa nthawi zonse.

Kenaka analakatula pamtima ndime ya sewero la Richard II, pamene John of Gaunt ali pafupi kufa akutamanda England ngati chilumba chotchingidwa ndi nyanja. Ine Shakespeare ndinamudziwira pokonzekera mayeso a MSCE, ndipo ndinkamutenga ngati chiphunzitso chovuta basi, koma agogowo maso anali atalengeza misozi ngati munthu amene akutchula mayina a makolo ake. Chimene chinandivutitsa mumtima n'chakuti England si chilumba payokha, pakuti Scotland ndi Wales zili pamtunda womwewo, ndipo ndimaona kuti chizolowezi chotcha Britain yense England chimachokera m'mawu okoma ngati amenewa. Nafenso kumudzi timangoti ku Mangalande.

Tiyi ndi sikono imodzi zinali mapaundi 7, mtengo umene sindinakondwere nawo, makamaka pokumbukira zimene amalandira wothyola tiyi ku Thyolo. Agogowo anakana kuti ndilipire. Mvula itakata anandiperekeza mpaka ku tchalitchi cha Holy Trinity m'mbali mwa mtsinje wa Avon, kumene kuli manda a Shakespeare, natsanzika pachipata kuti akakwere basi.