Ndakaona gehena ku Singapore

Abale, lero ndinali ku Haw Par Villa kuno ku Singapore, ndipo mpaka pano mutu ukuzungulirabe. Pakiyi anaimanga mu 1937 ndi Aw Boon Haw, mmodzi mwa abale awiri a Tiger Balm, mafuta opaka mutu ukamapweteka aja. Muli ziboliboli zoposa 1,000 za nthano za ku China. Chiboliboli china ndi cha nkhanu yokhala ndi mutu wa mzimayi, ikumwetulira bwinobwino. Ndinaima pamenepo kakasi.

Koma chomwe chandisowetsa mtendere ndi makhothi 10 a kumalo a akufa. Tchimo lililonse lili ndi chilango chake, ndipo anachiumba mosabisa, magazi ali psuu. Wofalitsa mabodza akumuzula lilime. Wotaya chakudya akumucheka pakati ndi sowo. Wobera mayeso akumutulutsa matumbo! Apa ndinakumbukira anzanga ena a ku sekondale, sinditchula mayina.

Kale makolo ankabwera ndi ana kuno kuti aphunzire mwambo. Ine wamkulu ndi ndevu ndinatuluka mwakachetechete, thukuta lili kamukamu, ndipo mpunga wa masana ndinaumaliza wonse, osasiya ngakhale kambewu kamodzi.